Mmene woitana angaphunzitsire hey kwa ovina gule wa contra

Loweruka lina masana, mvula ya mu Januwale ikuwomba malata a holo ina kuno ku Zomba, ndinaimika anthu 24 m'mizere iwiri kuti ndiwaphunzitse kayendedwe kamene eni gule wa contra amakatcha hey. Ndinafotokoza pamene aliyense ayambire, phewa limene adutsire, pamene atembenukire ndi pamene akathere, ndipo nditaona kuti nkhope zawo zakwinyika, ndinabwereza zonsezo ndi mawu ena. Ndili pafupi kuyamba kachitatu, mayi wina wachikulire amene anaima chakuzenera, chitenje atachimanga kale molimba pokonzekera kuvina, anakweza dzanja mwaulemu nati, "Aphunzitsi, pepani, mawu achuluka. Tangotionetsani, miyendo imva yokha." Anthuwo anali ataima chilili kwa mphindi pafupifupi 10, ndipo pamene tinayamba kuyenda, timagulu tinayi mwa timagulu 6 tinangounjikana pakati ngati anthu olimbirana khomo la minibasi. Malangizo amene ndikulemba panowa anayambira tsiku limenelo. Kayendedwe kovuta kamamangidwa pa zimene miyendo ya ovina yadziwa kale, ndipo ntchito yaikulu ya woitana imachitika iye asanatsegule pakamwa.

Kwa amene sanamuonepo, gule wa contra kwawo ndi ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, ngakhale kuti mizu yake ili m'magule a ku England, ku Scotland ndi ku France a zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Ovina amaima awiriawiri m'mizere iwiri italiitali, ndipo awiri amenewa ndiwatchula kuti banja ngakhale asali okwatirana. Mabanja awiri amapanga kagulu ka anthu anayi. Nyimbo imakhala ndi zigawo zinayi zotchedwa A1, A2, B1 ndi B2, chilichonse cha masitepe 16, kotero kuti ulendo umodzi wa gule ndi masitepe 64. Popeza oimba amathamanga masitepe pakati pa 112 ndi 120 pa mphindi, ulendo umodzi umangopitirira pang'ono theka la mphindi, kenako banja lililonse limasuntha kukakumana ndi banja lina n'kuyambanso zomwezo. Munthu amene mukuvina naye kuyambira poyamba mpaka pomaliza ndiye mnzanu, pamene wa banja linalo, amene amasintha ulendo uliwonse, timamutcha neba. M'banja lililonse muli malo awiri, a abambo kumanzere ndi a amayi kumanja. Magulu ambiri ku America masiku ano amatchula malowa ndi maina a mbalame, lark ndi robin, koma ine ndimasunga mawu akuti abambo ndi amayi, ndipo amayi akachuluka, amene akuvina malo a abambo ndimawamangitsa kampango pamkono kuti azidziwika msanga.

Woitana, amene azungu amati caller, ndi uja amaima kumutu kwa mizere ndi maikolofoni, kuphunzitsa guleyo popanda nyimbo kwa mphindi zochepa, kenako kumatchula kayendedwe kalikonse nyimbo ili mkati. Ntchito yake ikufanana ndi ya wophunzitsa masitepe a paukwati, koma kusiyana kwake ndi kwakukulu: operekeza akwati amayeserera kwa masabata, pamene woitana ali ndi mphindi zitatu kapena zisanu zokha, ndipo ena mwa anthu ake aona guleyu lero lomwe.

Yambani mwaidziwa hey ndi thupi lanu

Hey inachokera m'magule a ku England, ndipo inafala mu contra wamakono m'zaka za m'ma 1970 kudzera mwa oitana monga Ted Sannella wa ku Boston. Ndi kayendedwe kolukana ka anthu anayi, kopanda kugwirana manja, ndipo n'chifukwa chake kamavuta: palibe dzanja lokukokerani kumene muyenera kupita. Mabanja awiri aja amakhala atayang'anizana, lina mbali ino ya mzere, lina tsidya. Amayi awiri ndiwo amayamba, kudutsana pakati ndi phewa lamanja. Kenako mayi aliyense amadutsana ndi neba wake m'mbali ndi phewa lamanzere, ndipo abambo awiriwo, amene tsopano alowa m'njira, amadutsana pakati ndi phewa lamanja. Kudutsana kwachinayi ndi kwa munthu ndi mnzake, m'mbali, phewa lamanzere, onse ali tsidya lija. Pofika pa kudutsana kumeneku ndiye kuti theka latha. Amayi amadutsananso pakati, kenako aneba m'mbali, kenako abambo pakati, ndipo aliyense amapezeka pamene anayambira, maso ndi maso ndi mnzake. Kudutsana konse pamodzi ndi ka 7 m'masitepe 16, kutanthauza masitepe awiri pa kudutsana kulikonse ndi awiri otsala ofikira kwanu.

Pali cholakwika chimodzi chimene oitana ambiri oyamba kumene amachita, ndipo inenso ndinachichita Loweruka lija. Amauza ovina kuti aziloweza "manja, manzere, manja, manzere". Mawu amenewa ndi oona kwa munthu amene akuonera gulu lonse ali patali, koma kwa wovina mmodzi payekha ndi osocheretsa. Tatsatirani mayi mmodzi: wadutsa mnzake wamkazi ndi phewa lamanja, wadutsa neba ndi lamanzere, wakhota kunja, ndipo munthu wotsatira amamudutsanso ndi lamanzere. Ndiye kuti manzere abwera kawiri motsatizana. Mayi amene akuwerenga mumtima kuti manja, manzere, manja adzafika pa mnzake atapereka phewa lolakwika, ndipo awiriwo adzayamba kuzembana uku ndi uku monga amachitira anthu okumana pakanjira kopapatiza. Lamulo lothandiza ndi la malo: pakati ndi phewa lamanja nthawi zonse, m'mbali ndi phewa lamanzere nthawi zonse. Wovina amene wagwira zimenezi safunikanso kuwerenga, amangoona pamene ali.

Musanapite kuholo, tengani zitsekerero zinayi za mabotolo, ziwiri za mtundu umodzi ndi ziwiri za mtundu wina, muziyendetse patebulo kufikira mutaona ndi maso anu kumene chilichonse chikupita. Kenako tulukani panja, mulembe ndi kamtengo pansi njira imene munthu mmodzi amayenda. Mudzaona kuti ikuoneka ngati nambala 8 imene yawonjezeredwa mphete yachitatu pakati, ndiponso kuti anthu onse anayi amayenda njira imodzi yomweyo, kungoti amayambira malo osiyana. Yendani njirayo nokha mukuwerenga mpaka 16, kamodzi ngati mayi, kamodzi ngati bambo, kuchokera mbali zonse ziwiri. Ndikutsindika zimenezi chifukwa woitana amene anangovinapo malo amodzi okha amaphunzitsa bwino theka la gulu n'kusiya theka linalo mumdima, ndipo kawirikawiri amene amasiyidwa ndi abambo, popeza masitepe awo oyamba saoneka.

Masitepe amenewo ndi awa. Mayi akangonyamuka kulowa pakati, bambo wake ayenera kusunthira kumanja, pamalo pamene mayiyo wasiya. Akapanda kutero, mayi wochokera tsidya amafika n'kumupeza ataima ndendende panjira yake, ndipo kusokonekera konse kumayambira pamenepo ngakhale kuti kumaonekera patsogolo. Bambo akasuntha, amakhala wayamba kale kuponda m'mapazi a mnzake, ndipo akhoza kumutsatira pambuyo mpaka mapeto.

Konzani dongosolo la tsikulo

Hey isakhale m'gule woyamba kapena wachiwiri. Anthu amafika mochedwa, ena akuchokera ku Chinamwali, ena ku Sadzi kapena ku Matawale mvula itawatsekereza panjira, ndipo amene afika kale amafunika nthawi yoti azolowere kumva masitepe 8 ndi 16 m'nyimbo. Gule wachinayi kapena wachisanu ndiye woyenera, anthu atatenthedwa koma asanatope.

Chofunika koposa ndi kuphunzitsa kaye kayendedwe kotchedwa chain, kamene ife timangoti tcheni, m'gule mmodzi kapena awiri hey isanafike. Mu tcheni amayi awiri amapatsana dzanja lamanja pakati n'kukokana kudutsa, kenako aliyense amapereka dzanja lamanzere kwa bambo wa tsidya, amene amaika dzanja lake lamanja kumsana kwa mayiyo, awiriwo n'kuzungulira chakumanzere mpaka atayang'ananso pakati. Zonsezi ndi masitepe 8. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti mayi amene wachita tcheni kupita ndi kubwerera wayenda kale njira yonse ya hey: manja pakati, manzere m'mbali, kukhota chakumanzere. Choncho pofika nthawi yophunzitsa, simukuwauza amayi chinthu chachilendo. Mukungowauza kuti ayende njira ija ayenda kale, koma manja ali pansi, ndipo m'malo mozunguliridwa ndi bambo azungulire okha.

Sankhaninso gule amene chachilendo chake ndi hey yokha. Chitsanzo chabwino chimene ndimagwiritsa ntchito ndi gule wotchedwa Butter, amene anapeka Gene Hubert wa ku America. Ovina amayamba m'kaimidwe ka Becket, dzina lochokera ku tauni ina ya ku Massachusetts, mmene munthu ndi mnzake amaima mbali imodzi ya mzere atayang'ana banja la tsidya. Mu A1 mabanja amasunthira kumanzere kukapeza banja latsopano, anayiwo amagwirana manja n'kuzungulira chakumanzere malo atatu mwa anayi, kenako swing ndi neba, kumene kuli kuzungulira mofulumira anthu awiri atagwirana. Mu A2 mizere italiitali imapita kutsogolo ndi kubwerera, masitepe 8, kenako amayi amachita tcheni kupita kwa anzawo. B1 yonse ndi hey, ndipo B2 yonse ndi balance, kumene kuli kuyandikirana ndi kubwerera m'masitepe anayi mutagwirana manja, ndi swing ya munthu ndi mnzake. Ubwino wa guleyu uli pawiri. Tcheni imamutulutsa mayi atayang'ana kale pakati, phewa lamanja lili patsogolo, kotero kuti thupi lokha limamulowetsa mu hey. Ndipo pambuyo pa hey pali masitepe 16 athunthu okhala ndi mnzako, nthawi yokwanira kuti aliyense amene anasochera apezeke.

Za malo ndingonena mwachidule. Hey imatulukira kunja kwa mizere, choncho kankhirani mabenchi kukhoma ndipo musiye mpata wa mikono iwiri pakati pa mzere ndi khoma kapena pakati pa magulu awiri. Simenti yopakidwa polishi imaterera, ndipo masilipasi amavuka pokhota.

Mphindi zophunzitsira

Yambani ndi kuonetsa. Sankhani anthu anayi amene mukudziwa kuti sadodoma, makamaka mutawakonzekeretsa ena asanafike, muwaimike pakati penipeni pa holo osati kumutu, ndipo ena onse awazungulire, apatsogolo atanyonyomala. Musangonena kuti onerani. Munthu woonera anthu anayi akulukana saona kanthu, maso ake amangodumphadumpha. Uzani amayi onse kuti ayang'ane mayi mmodzi yekha, mwachitsanzo wa diresi yobiriwira, ndipo abambo onse ayang'ane bambo mmodzi yekha kuyambira sitepe yake yoyamba yosunthira kumanja. Onetsani kamodzi pa liwiro lenileni la nyimbo kuti aone kukongola kwake ndi kufupika kwake, kenako kamodzi pang'onopang'ono. Kawiri n'kokwanira.

Anthu akabwerera m'malo mwawo, asanasunthe, aliyense aloze pansi pamene waima ndi kuyang'ana khoma limene lili kumbuyo kwake. Kuno ku Zomba tili ndi mwayi wakuti phiri limaoneka pafupifupi paliponse, choncho ine ndimatchula khoma lina kuti la kuphiri ndi linalo kuti la kumsewu, ndipo ndimauza anthu kuti amene wayambira kuphiri akathera kuphiri. Mawu a malo ngati amenewa amathandiza kuposa manja ndi manzere, chifukwa anthu awiri oyang'anizana manja awo amaloza mbali zosiyana, pamene phiri silisuntha.

Pofotokoza za phewa lamanja, gwiritsani ntchito msewu. Ku Malawi galimoto zimayenda kumanzere, kotero kuti minibasi yochokera ku Blantyre ikakumana ndi yochokera ku Liwonde pa msewu wa M3, madalaivala awiriwo amadutsana moyandikana, aliyense ali ndi mnzake kudzanja lake lamanja. Kudutsana ndi phewa lamanja n'chimodzimodzi. Ndikangonena kuti pakati tidutsana monga pamsewu wathu, ngakhale munthu amene amasokoneza manja ndi manzere amalowera mbali yoyenera, chifukwa wakhala akuziona kuyambira ali mwana. M'mbali ndi mosemphanitsa, ndipo pamenepo ndimawauza kuti agunde phewa lawo lamanzere ndi dzanja kamodzi kuti thupi lidziwe phewa limene likunenedwa.

Ulendo woyamba ayende akugwirana manja: dzanja lamanja pakati, kukokana pang'ono n'kusiyana, dzanja lamanzere m'mbali, kukokana n'kusiyana. Aimitseni pakatha kudutsana kwachitatu, pamene abambo angodutsana pakati, ndipo mufunse ngati aliyense akuona mnzake patsogolo pake ndiponso ngati aliyense ali ku khoma limene sanayambire. Malo oimira amenewa ndi amtengo wapatali, chifukwa wovina amatha kudziyesa yekha popanda inu kumuloza. Amene sakuona mnzake adziwa kuti china chalakwika, ndipo ndi kosavuta kukonza anthu atayenda theka kusiyana ndi atayenda yonse. Kenako amalize theka lachiwiri. Ulendo wachiwiri ayende manja ali pansi, osaima pakati. Ngati timagulu tambiri tafika kwawo, musabwerezenso kachitatu chifukwa cha kagulu kamodzi. Nyimbo idzawaphunzitsa zotsalazo, ndipo aneba atsopano amene adzakumane nawo adzawanyamula.

Pamene ndimakhalitsa pang'ono ndi pa kukhota kwa kunja, popeza ambiri amagwera pomwepo. Wovina akadutsa munthu wa m'mbali, patsogolo pake sipakhalanso wina aliyense, amangoona khoma, ndipo mantha amamugwira. Ena amatembenukira pomwepo ngati msilikali wa beni n'kubwerera msanga, motero amafika pakati anthu ena asanachokepo. Ena amakhotera kumanja n'kubwera ndi phewa lolakwika. Ena satuluka n'komwe, amatembenukira pakati. Ndimawauza kuti akhote monga wakabaza amene wanyamula munthu ndi thumba la ufa: satembenuzira njinga pamodzimodzi, amatenga malo, amazungulira motakasuka chakumanzere. Kukhota kwakukulu kumadya masitepe amene akanatsala, ndipo munthu amafika pa wotsatira pa nthawi yake. Apa mpamene mawu a akulu akuti kuthamanga si kufika amaoneka ndi maso, pakuti wothamanga mu hey amangokaima kudikira, ndipo akaima, mzere wonse umataya kayendedwe kake kosalala.

Samalani ndi kasanjidwe ka mawu anu. Chichewa chathu chimakonda kuyamba lamulo ndi mneni: dutsanani, gwiranani, tembenukani. Koma wovina akangomva mneni amanyamuka, ndipo mawu onse otsatira amagwera pansi. Mukati, "Dutsanani pakati amayi ndi phewa lamanja," theka la holo, abambo omwe, likhala litasuntha musanafike pa mawu akuti amayi. Yambani ndi amene akuyenda, kenako malo, kenako phewa, ndipo mawu onyamutsa akhale omaliza: "Amayi, pakati, phewa lamanja, tiyeni." Mawu amene mwasankha musawasinthe. Ngati mwayamba ndi neba, musanene mnansi ulendo wachiwiri, chifukwa munthu amene akulimbana ndi miyendo yake adzaganiza kuti mukunena munthu wina.

Pali chinthu chinanso chimene woitana wa ku New England sakumana nacho koma ife timakumana nacho sabata iliyonse. Kumeneko ovina amayang'anana m'maso podutsana, ndipo maso ndiwo amalowa m'malo mwa manja. Kuno mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo akakumana naye panjira amapatuka, amaima, mwinanso kupinda bondo pang'ono. Ndinaonapo mtsikana wa sukulu akuima ulendo uliwonse akafika pa bambo wina waimvi, manja atawagwirizanitsa kutsogolo, ndipo bamboyo nayenso ankaima kumudikira, kagulu konse n'kuchedwa ndi masitepe anayi. Khalidwe limenelo ndi labwino ndipo sindifuna kuliphwanya. Chimene ndimachita ndi kupempha mmodzi wa achikulire kuti anene yekha pamaso pa onse kuti m'gule muno ana asaime, adutse, ndipo mawu akachokera kwa iwo ana amamasuka. Ndimanenanso kuti amene sangathe kuyang'ana m'maso ayang'ane phewa la munthu amene akubwerayo, zimakwanira. Ngati m'gululo muli anthu amene mwa mwambo amapewana, monga mkamwini ndi apongozi ake, pangani magulu awiri a mizere kuti aliyense asankhe kwake, popeza mumzere umodzi aliyense amakumana ndi aliyense.

Chomaliza musanayatse nyimbo, apatseni pothawira. Auzeni momveka kuti akasokonezeka asayese kukonza hey ili mkati, koma atuluke, abwerere ku khoma la kwawo, apeze mnzawo, adikire swing. Anthu akadziwa kuti kusochera kuli ndi mankhwala ake amayenda momasuka, ndipo oyenda momasuka sasochera kawirikawiri.

Nyimbo ikayamba

Kwawo kwa guleyu oimba amakhala ndi vayolini ndi piyano, nthawi zina gitala, ndipo woitana amatha kuwakodola kuti achepetse liwiro. Ife kawirikawiri timadalira foni ndi sipika, choncho sankhani nyimbo ya liwiro lapansi, pafupi ndi 112, imene zigawo zake zimamveka bwino poyambira, ndipo ikhale yotalika mokwanira: maulendo 15 amatenga mphindi pafupifupi 8 ndi theka. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito nyimbo ya kwathu kapena oimba a gitala ndi ng'oma, iwerengeni kaye kunyumba kuti mutsimikize kuti ikubwerera poyambira pakatha masitepe 64 ulendo uliwonse. Nyimbo zambiri zokoma sizitero, ndipo hey yovinidwa pa nyimbo yosagawika bwino imasowa poyambira.

Kuitana kuyenera kutha kayendedwe kasanayambe. Mawu a hey anenedwe m'masitepe anayi omaliza a A2, kuyambira pa 13 mpaka 16, pamene mabanja akuzungulira kumapeto kwa tcheni, kuti phazi loyamba la amayi ligwe pamodzi ndi kuyamba kwa B1. Mukanena pa sitepe yoyamba ya B1 mwachedwa kale, ndipo kuchedwa kwa masitepe awiri pachiyambi kumakula mpaka swing itadyeka theka. Luso limeneli limabwera ndi kuyeserera kokha. Yatsani nyimbo kunyumba, muziitana mokweza ngati kuti anthu alipo, ndipo mudzijambule pafoni kuti mumve nokha ngati mawu anu akutsogola kapena akutsalira.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri tchulani kudutsana kulikonse, mawu awiri okha pa masitepe awiri, mukutsogola pang'ono: amayi manja, neba manzere, abambo manja, mnzanu manzere, kenako amayi, neba, abambo, ndi kumaliza ndi balance. Ulendo wachitatu ndi wachinayi chotsani za mapewa, mungotchula anthu. Pofika wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi mawu akuti "amayi, hey" akhale okwanira, ndipo pambuyo pake khalani chete. Kukhala chete kumavuta kwa woitana amene wagwira maikolofoni, koma ovina amene akumvabe mawu anu sayamba kumvera nyimbo, ndipo hey imakoma pamene anthu anayi akuyendera nyimbo ndi kuonana okhaokha. Maso anu asachoke pa mizere. Bwererani ndi mawu ochepa pamene nyimbo yasintha kulowa ina, komanso pamene banja limene linasowa lovina nalo n'kudikira kumapeto kwa mzere likulowanso, chifukwa tsopano layambira khoma linalo ndipo zonse zimaoneka ngati zatembenuka.

Mukaona kagulu kamodzi kasokonezeka, musatchule munthu dzina pa maikolofoni, ndiponso musayambe kufotokoza. Munthu wamkulu amene wadzudzulidwa pagulu sabweranso sabata yamawa, ndipo mawu amene mukulankhula kwa anthu anayi amasokoneza ena 20 amene amayenda bwino. Itanani msanga ndi momveka kayendedwe kotsatira, "mnzanu, balance ndi swing", kuti osocherawo adziwe kothawira. Ngati ndi munthu mmodzi yemweyo amene akusochera ulendo uliwonse, kumbukirani pamene akulakwira, ndipo pa nthawi yopuma mupite naye pambali pamodzi ndi anthu ena awiri, muyende naye kamodzi kapena kawiri mwakachetechete. Kawirikawiri vuto limakhala limodzi lokha, kukhotera kumanja kapena kusasunthira pamalo a mayi, ndipo limatha m'mphindi imodzi.

Nthawi zina holo yonse imakanika, makamaka pamene alendo achuluka kuposa ozolowera. Khalani ndi chosinthira chokonzeratu. M'malo mwa hey yathunthu itanani tcheni kupita ndi kubwerera, imene ilinso masitepe 16 ndipo imafikitsa aliyense pamalo omwewo, pafupi ndi mnzake, gule n'kupitirira osaimitsa nyimbo. Pakatha maulendo atatu kapena anayi, miyendo ya amayi ikhala itaponda njirayo mobwerezabwereza, ndipo mukhoza kuyesanso hey ulendo wotsatira mutachenjeza msanga. Ikakanikanso, malizani ndi tcheni, anthu akhale pansi akusangalala, ndipo mudzayesenso tsiku lina.

Gule akatha, lembani pakhadi limene mwalembapo guleyo mawu amene anagwira ntchito ndi pamene anthu anakakamira, mudakali kukumbukira. Tsiku lomwelo, pakapita magule awiri, ikaninso gule wina wokhala ndi theka la hey, masitepe 8 okha, kuti chimene aphunzira chikhazikike asanapite kwawo. Sabata yotsatira mukhoza kuyesa hey imene amayamba ndi abambo, mukusunga lamulo lija la manja pakati ndi manzere m'mbali. Ilipo hey ina imene imayamba ndi phewa lamanzere pakati, ndipo mu imeneyo zonse zimatembenuka: m'mbali ndi phewa lamanja, kukhota ndi chakumanja, ndipo fanizo la msewu wathu limasamukira m'mbali. Imeneyo isungeni kufikira gulu lanu litavina yoyambayo kwa masabata angapo inu muli chete.